Musatseke Njira za M'nkhalango Zotetezedwa

Pa 1 July 2024 akuluakulu a chigawo cha Yamanashi ku Japan anaika chipata pa njira ya Yoshida, yomwe anthu ambiri amadzera akamakwera phiri la Fuji. Analamula kuti patsiku pazidutsa anthu osapitirira 4,000, aliyense azilipira mayeni 2,000 (ndalama za ku Japan), ndipo chipatacho chizitsekedwa kuyambira 4 koloko madzulo mpaka 3 koloko mbandakucha kwa aliyense amene sanalembetse pogona m'tinyumba ta m'phirimo. Ankafuna kuletsa anthu okwera usiku wonse osapuma, omwe amakafooka pamwamba. Nkhaniyi inadzutsa mkangano wakalekale umene umabuka paliponse pomwe pali phiri, nkhalango kapena dambo lotetezedwa ndi lamulo. Mbali ina imati malo oterewa atopa ndi mapazi a anthu, ndipo kuti apulumuke ayenera kutchingidwa ndi mpanda, anthu aziwaonera pazithunzi. Mbali inayo imati chilengedwe n'cha tonse, choncho chipata, chilolezo ndi malire a chiwerengero ndi nkhanza chabe za akuluakulu okonda ndalama.

Ine ndili kumbali ya njira yotsegula, ndipo ndinena mosapita m'mbali kuti malo otetezedwa akumidzi omwe alibe njira za oyenda pansi ali pangozi yaikulu kuposa omwe ali nazo. Njira imene ndikunenayi ndi ya miyendo, yolambulidwa mwaluso, yowerengedwa anthu odutsapo, ndiponso yoyendetsedwa mogwirizana ndi anthu a m'midzi yozungulira. Chifukwa changa chachikulu n'chakuti lamulo palokha silisunga nkhalango. Lamulo limalembedwa ku likulu, pamene nkhwangwa, msampha wa waya ndi moto zimakhala m'nkhalango momwemo, ndipo zimene zimaziopsa ndi maso a anthu. Komanso tsiku limene kampani ya migodi kapena ya matabwa idzafika ndi mapepala ake, malo amene anthu sanawapondepo adzasowa owalankhulira. Ndi anthu ochepa kwambiri amene angalimbane ndi boma chifukwa cha mathithi omwe sanawaonepo.

Kuti timvetse kumene maganizo a mpanda anachokera, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Paki ya Yellowstone ku America, yomwe inakhazikitsidwa mu 1872 ndipo ambiri amaitenga ngati yoyamba padziko lonse, inali ndi eni ake. Anthu a mtundu wa Shoshone ndi mitundu ina ankakhala ndi kusaka m'menemo, koma patangopita zaka zochepa anatulutsidwa, ndipo kuyambira 1886 mpaka 1918 pakiyo inkalonderedwa ndi asilikali ankhondo. Chitsanzo chimenechi chinawoloka nyanja. Mu 1959 anthu a mtundu wa Maasai anasamutsidwa ku Serengeti kupita ku Ngorongoro, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Mu 1991 a Batwa, omwe anakhala m'nkhalango za Bwindi ndi Mgahinga ku Uganda kwa mibadwo yosawerengeka, anathamangitsidwa pamene nkhalangozo zinasandutsidwa mapaki, ambiri mwa iwo osapatsidwa malo kapena chipukutamisozi. Ganizo lomwe linatsogolera zonsezi linali limodzi, lakuti chilengedwe chenicheni ndi chomwe mulibe munthu. Chonsecho m'nkhalango zimenezi munali kale tinjira, ndipo tinali ta anthu odziwa mtengo wochiritsa, phanga lousamo mvula ndi nyengo imene nyama zimaswana. Kutseka tinjirato kunachotsa alonda omwe sankalipidwa n'komwe, n'kuwasandutsa adani okhala pamalire.

Pali mbiri inanso imene sikambidwa kawirikawiri, ya malo omwe anatetezedwa chifukwa chakuti anthu ankayendamo. Njira ya Appalachian Trail kum'mawa kwa America inayamba ngati maganizo a Benton MacKaye mu 1921, ndipo inalambulidwa makamaka ndi anthu ongodzipereka mpaka kumalizidwa mu 1937. Ndi yotalika makilomita pafupifupi 3,500, kuchokera ku Georgia mpaka ku Maine, kudutsa m'zigawo 14. Panthawiyo mbali yaikulu inkadutsa m'malo a anthu wamba ndi m'misewu popanda lamulo loiteteza. Oyendamo ndiwo anachita khama mpaka mu 1968 kunabwera lamulo la njira za dziko, ndipo mu 1978 boma linavomereza ndalama zambiri zogulira malo a m'mbali mwake. Njira ndiyo inayamba, chitetezo cha nkhalango n'kubwera pambuyo, ndipo mpaka lero magulu pafupifupi 30 a anthu osalipidwa ndiwo amailambula. Ku England nako, pa 24 April 1932, mazana a anthu, ambiri mwa iwo antchito achinyamata a ku Manchester ndi Sheffield, anakwera mwadala phiri la Kinder Scout, lomwe eni malo analitseka kuti aziwomberamo mbalame. Asanu anaponyedwa m'ndende. Mkwiyo wa anthu pa chilangocho unathandiza nawo kulimbikitsa gulu lomenyera ufulu woyenda m'mapiri, ndipo mu 1951 dera la Peak District, momwe muli phirilo, linakhala paki yoyamba ya dziko la Britain.

Tsopano timve otsutsa, chifukwa mfundo zawo si zachibwana. Yoyamba ndi yoonekeratu: phazi limawononga. Amati munthu mmodzi sangaoneke ngati vuto, koma anthu zikwizikwi akamaponda malo amodzi udzu umafa, nthaka imalimba gwa, madzi amalephera kulowa pansi ndipo amathamanga pamwamba n'kukumba chigwembe. Mizu ya mitengo imatsala pamtunda. Mbalame zoikira mazira pansi zimathawa zisa zawo, nyama zina zimasiya kupita kumadzi masana chifukwa cha phokoso. Kuwonjezera apo alendo amasiya mabotolo, majumbo ndi zonyansa pafupi ndi mitsinje imene anthu a kumunsi amamwa. Zonsezi n'zoona, ndipo aliyense amene anayendapo m'phiri lotchuka anaziona ndi maso ake. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Komabe ofufuza za kupondedwa kwa zomera anapeza chinthu chimene chimatembenuza nkhani yonse. Kuwonongeka kwakukulu kumachitika ndi mapazi oyambirira. Anthu ochepa oyamba kudutsa pa udzu wosapondedwa ndiwo amaupha, ndipo nthaka ikalimba, ambiri odutsa pomwepo pambuyo pake sawonjezera zochuluka. Izi zikutanthauza kuti khamu loyenda pa njira imodzi lingawononge pang'ono kuposa kagulu komwazikana aliyense kwake. Ntchito ya njira yolambulidwa bwino ndi kusonkhanitsa kuwonongekako pa kamzere kopapatiza kuti nkhalango yonse yotsala ipume. Kuwonjezera pamenepo, chimene chimakumba zigwembe kwenikweni ndi madzi. Njira yolunjika pamwamba pa phiri imasanduka ngalande mvula yoyamba ikangogwa. Omanga njira odziwa ntchito yawo amaikhotetsa kuti iziyenda chopingasa phiri, izikwera pang'onopang'ono, pafupifupi mita imodzi pa mamita 10 alionse, ndipo amaipendeketsa pang'ono cha kumunsi kuti madzi aziiwoloka m'malo moitsata. Pamtsetse amayala miyala ngati masitepe, padambo amamanga kamlatho ka matabwa. Mukadzayenda m'nkhalango nthawi ya dzinja, mudzayang'anitsitse pamene pali chithaphwi pakati pa njira. Woyamba amachilambalala kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu amapeza kuti m'mbali monsemo mwaterera ndiye amatambasula mwendo n'kuponda pa udzu wa patsogolo pake. Mvula ikamatha, kanjira ka munthu mmodzi kasanduka bwalo la matope. Oyendawo ndi ovuta kuwaimba mlandu, chifukwa palibe amene amafuna kunyowetsa nsapato. Chimene chinasowa ndi munthu wa khasu wokumba kangalande kotulutsa madzi a m'chithaphwicho, ntchito ya mphindi zochepa chabe.

Nanga za nyama zothawa phokoso? Nyama zambiri zimaopa kwambiri chinthu chotulukira modzidzimutsa kuposa chimene zazolowera kuchiona pamalo amodzi tsiku ndi tsiku. Paki ya dziko la Switzerland, yomwe inakhazikitsidwa mu 1914, ili m'gulu la malo otetezedwa mokhwima kwambiri ku Ulaya. Simuloledwa kuthyola duwa, kutola mwala, kuyatsa moto kapena kulowa ndi galu, ndipo mtengo ukagwa umaolera pomwepo. Koma ngakhale kumeneko kuli njira za oyenda pansi, ndipo lamulo lalikulu ndi lakuti musapatuke pa njira. Zotsatira zake n'zakuti agwape ndi mbuzi za m'mapiri amadya poonekera, chifukwa anaphunzira kuti munthu amathera pa kamzere kake. Choncho sindikunena kuti njira ifike paliponse. Malo oswanira nyama, magwero a mitsinje ndi pomwe pali zomera zosowa pazikhala popanda njira, ndipo ojambula mapu a njira aziyamba alemba malo amenewa asanaganize za pomwe alendo angajambule chithunzi chokongola.

Nthawi zina otsutsawa amakhoza kotheratu, ndipo kubisa zimenezi kungakhale chinyengo. Ku New Zealand kuli mitengo ikuluikulu yotchedwa kauri, ina ya zaka zoposa 1,000, yomwe ikufa ndi matenda ogwira mizu. Tizilombo toyambitsa matendawa timakhala m'dothi, ndipo kadothi kochepa komata kunsi kwa nsapato n'kokwanira kutisamutsa. M'nkhalango ya Waitākere pafupi ndi mzinda wa Auckland, kafukufuku anaonetsa kuti mitengo yambiri yodwala inali pafupi ndi njira. Mu December 2017 eni dera a mtundu wa Te Kawerau ā Maki analengeza chiletso cha makolo choti anthu asalowemo, ndipo mu May 2018 khonsolo ya mzindawo inatseka njira zambiri. Anachita bwino. Koma taonani chomwe chinatsatira. Njirazo zinayamba kukonzedwa imodziimodzi: anathira miyala yophwanya, anamanga matabwa okwezeka kuti nsapato zisakhudze mizu, anaika malo otsukira nsapato polowera, kenako n'kumazitsegulanso. Kutseka kotere kuli ndi chifukwa chodziwika ndi ntchito yooneka, ndipo anthu amadziwa chimene akudikira. N'kosiyana kwambiri ndi kutseka kwa ofesi yomwe yasowa ndalama kapena yatopa ndi madandaulo, n'kungokhoma chikwangwani pachipata osanena tsiku lodzachichotsa.

Za moto ndinena mwachidule. Mu December 2011 moto woyatsidwa ndi mlendo unatentha mahekitala oposa 17,000 m'paki ya Torres del Paine ku Chile, ndipo mu 2005 chitofu cha mlendo wina, yemwe anamanga tenti pamalo osaloledwa, chinayambitsanso moto waukulu m'paki yomweyo. Mitengo ya kumeneko imakula mochedwa, motero zipserazo zidzaoneka kwa zaka zambiri. Dziko la Chile linayankha pokhwimitsa chilango, poletsa moto kunja kwa malo ovomerezeka, ndi polamula kuti ogona m'pakimo azilembetsa malo asanalowe. Pakiyo ikadali yotsegula. Tizikumbukiranso kuti m'madera ambiri akumidzi moto wolusa umayatsidwa ndi osaka nyama kapena ofuna msipu watsopano, anthu omwe sadzera pachipata, ndipo woyamba kuona utsi angathe kukhala wolondolera alendo yemwe ali ndi foni m'thumba.

Mfundo yachiwiri imachokera kwa alonda ena a nkhalango, omwe amati njira yabwino imathandizanso wakuba. Amati mukalambula njira mpaka pakatikati pa nkhalango mwafupikitsira ulendo ocheka matabwa ndi opha nyama mozemba, ndipo mlonda sangasiyanitsenso mlendo ndi mbala. Nkhawa imeneyi ndi yoona tikamanena za misewu ya galimoto, chifukwa kumene msewu walowa m'nkhalango za ku Amazon kapena ku Congo, kudula mitengo kumautsatira. Koma pa kanjira ka miyendo sipadutsa lole. Ndipo wotchera misampha safuna njira ya alendo. Ali ndi tinjira take tobisika, ndipo chomwe amadana nacho kwambiri ndi kukumana ndi anthu. Nyumba yosagonamo anthu ndi imene imayamba kuzulidwa zitseko. Umboni wamphamvu tiupeza kwa anyani akuluakulu otchedwa gorila a m'mapiri a Virunga, pamalire a Rwanda, Uganda ndi Congo, ndi ku Bwindi. Mu 1981 ku Virunga kunatsala anyaniwa pafupifupi 250. Lero onse pamodzi, kuphatikiza a ku Bwindi, aposa 1,000, ndipo mu 2018 anachotsedwa m'gulu la nyama zotsala pang'onong'ono kutheratu n'kuikidwa m'gulu lotsatira, la zomwe zili pangozi. Anyaniwa amayenderedwa ndi alendo oyenda pansi, anthu 8 okha pa banja limodzi patsiku, kwa ola limodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2011 anapeza kuti ku Virunga mabanja omwe anazolowera anthu ndipo amaonedwa tsiku lililonse ankachuluka, pamene osayenderedwa ankachepa. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti woyenderedwa akakodwa mumsampha wina amaona msanga n'kuitana dokotala wa nyama. Mu 2020, alendo atasiya kubwera chifukwa cha Covid-19, bungwe loyang'anira nyama zakutchire ku Uganda linanena kuti kupha nyama mozemba kwakwera, ndipo mu June chaka chomwecho gorila wamphongo wotchuka, Rafiki, anabayidwa ndi mkondo ku Bwindi ndi munthu amene analowa kukasaka nyama zina. Nkhalango inali yotsekedwa monga momwe ena amafunira, koma anthu sanasiye kulowamo. Anasiya ndi okhawo odzera pachipata.

Mfundo yachitatu ndi imene imandivuta kwambiri kuiyankha, chifukwa ndi ya anthu a m'midzi yozungulira. Iwo amati mukutiuza kuti alendo amabweretsa ndalama, koma ife ndalamazo timangozionera m'magalimoto odutsa. Mlendo amalipira ku kampani yakutali asananyamuke kwawo, za pachipata zimapita ku thumba la boma, ife timatsala ndi nguluwe ndi njovu zodya m'minda, komanso chiletso cha nkhuni, udzu wofolera ndi mankhwala. M'malo ambiri zimenezi ndi zoona ndithu, ndipo aliyense wolimbikitsa njira ngati ine ayenera kuvomereza kuti kutsegula chipata pakokha sikudyetsa mudzi. Funso loyenera ndi lakuti, ndi ulendo wamtundu wanji umene umasiya ndalama zambiri pamalopo? Mlendo wa pagalimoto amalowa m'mawa, kujambula zithunzi, madzulo n'kukagona ku hotela ya m'tauni. Woyenda pansi amatha masiku anayi kapena sabata yathunthu, ndipo amafuna womulondolera, womunyamulira katundu, womuphikira ndi pogona, zinthu zomwe sangazitenge kutali. Ku Nepal, m'dera lotetezedwa la Annapurna, lomwe ntchito yake inayamba mu 1986, mumakhala anthu oposa 100,000 omwe sanasamutsidwe. Ndalama zolowera zimagwira ntchito m'deralo, makomiti a m'midzi ali ndi mawu pa malamulo a nkhuni ndi nkhalango, ndipo mabanja ambiri amadalira tinyumba togona alendo m'mbali mwa njira. Dziko la Rwanda linayamba mu 2005 kupereka 5 peresenti ya ndalama za m'mapaki ku midzi yoyandikana nawo, ndipo mu 2017 linakweza kufika pa 10 peresenti. Uganda imapereka 20 peresenti ya ndalama za pachipata. Zoti ndalamazi zimafikadi kwa mayi yemwe mbewu zake zadyedwa ndi nkhani ina, chifukwa kawirikawiri zimathera pa chitukuko chosankhidwa iye asanafunsidwe. Ngakhale zili choncho, mudzi womwe uli ndi gawo lolembedwa m'lamulo uli ndi poyambira mlandu. Nkhalango yotsekedwa ilibe gawo loti anthu akanganirane, pomwe nguluwe zimatulukabe usiku monga kale.

Apa ndiwonjezere kuti ndalama si nkhani yonse. Malo ambiri otetezedwa akumidzi anali minda, mabusa kapena manda a anthu ena, ndipo mbiri imeneyi imawerengeka ndi miyendo. Oyenda m'paki ya Shenandoah ku Virginia, ku America, amakumana ndi machumuni a miyala ndi manda a mabanja mazanamazana omwe anasamutsidwa m'zaka za m'ma 1930, zinthu zimene wodutsa pagalimoto saziona. Eni mbiri yotereyi ayenera kukhala ndi mawu pa za komwe njira idutse. Ku Australia, thanthwe la Uluru linabwezedwa kwa eni ake, a mtundu wa Anangu, mu 1985. Kwa zaka zambiri iwo ankapempha alendo kuti asakwere pamwamba chifukwa ndi malo opatulika, ndipo pa 26 October 2019 njira yokwerera inatsekedwa. Wina angati izi zikutsutsa mfundo yanga, koma ayi. Njira yozungulira thanthwelo pansi, ya makilomita pafupifupi 10, ikadali yotsegula. Eni malo anasankha yotseka ndi yotsegula, ndipo chimenechi n'chomwe ndikupempha. A Batwa aja lero amalondolera alendo pa njira yotchedwa Batwa Trail ku Mgahinga, kuwaonetsa phanga la Garama ndi kapekedwe ka moto. Ntchitoyi imawathandiza, koma n'zowawa kuti munthu azilowa kwawo pokhapokha akuperekeza mlendo wolipira. Pa chifukwa chimenechi ndimati njira ya m'malo otetezedwa iziyamba yatsegukira mwana wasukulu wa m'mudzi wapafupi, mwaulere kapena pa mtengo umene kholo lake lingakwanitse, isanatsegukire wochokera kutsidya kwa nyanja. Mwana ameneyo ndi amene adzakhale mlonda, mfumu kapena phungu wovotera bajeti ya nkhalangoyo.

Tsono nditembenukire kwa anzanga omwe amagwirizana nane kuti malo atsegulidwe koma safuna malire alionse. Iwo amati ngati alendo amabweretsa ndalama, bwanji osawachulukitsa, bwanji osamanga msewu kapena ngolo zoyenda pachingwe kuti okalamba ndi anthu aulumali nawonso afikeko? Mfundo ya okalamba ndi aulumali ndi yabwino, ndipo yankho lake ndi kanjira kakafupi, kosalala, kotheka kudutsapo njinga ya aulumali, kofika pamalo amodzi okongola pafupi ndi chipata. Msewu ndiye umapha njira. Ku Annapurna komwe kuja, msewu utafika ku Jomsom ndi ku Manang, ulendo umene unkatenga pafupifupi masabata atatu unafupika kwambiri, ndipo midzi ya m'munsi yomwe inkagoneka alendo inayamba kungoona fumbi la magalimoto. Pamene boma la Tanzania linalengeza mu 2019 maganizo omanga ngolo za pachingwe pa phiri la Kilimanjaro, pakati pa omwe anakana mwamphamvu panali onyamula katundu ndi olondolera alendo, chifukwa anadziwa kuti ntchito yawo ingathere pomwepo. Chiwerengero cha anthu nachonso chiyenera kukhala ndi malire. Pa njira ya Inca yopita ku Machu Picchu ku Peru amalola anthu 500 patsiku, kuwerengera onyamula katundu ndi olondolera omwe, ndipo mwezi wonse wa February njirayo imatsekedwa kuti ikonzedwe. Pa Milford Track ku New Zealand, ya makilomita oposa 53, m'nyengo ya alendo oyenda paokha amene amaloledwa kuyamba ulendo patsiku ndi 40 basi, onse kulowera mbali imodzi. Chimene ndimakana ndi kuchepetsa anthu pokweza mtengo, chifukwa pamenepo nkhalango imasanduka ya olemera okha. Malire a chiwerengero, kulembetsa pasadakhale ndi malo osungidwira eni dera ndi njira zachilungamo kuposa imeneyo.

Kwa amene akukhulupirirabe kuti chikwangwani chimaletsa anthu, pali nkhani ya masitepe a Haiku pa chilumba cha Oahu ku Hawaii. Masitepe 3,922 okwera phiri anatsekedwa mu 1987, koma kwa zaka zoposa 30 anthu anapitiriza kukwera, ambiri usiku, kudumpha mipanda ya nyumba za eni ake pozemba alonda. Mzinda unkalipira alonda popanda kulandirapo kanthu, ndipo mu 2021 khonsolo ya Honolulu inavota kuti masitepewo angochotsedwa. Anthu ofuna kufika pamalo okongola akaletsedwa amangosamukira kumene mlonda sakuona, kopanda ngalande, kopanda chimbudzi, kopandanso wolemba amene walowa ndi amene sanatuluke.

Yatsala nkhani yosasangalatsa ya kukonza, yomwe mbali zonse ziwiri za mkanganowu sizikonda kuikamba. Njira imafa msanga. Mvula ya zaka ziwiri popanda wochotsa masamba m'ngalande, wosintha thabwa loola pa kamlatho ndi wosadza nthambi, imasandutsa njira yabwino kukhala chigwembe chomwe otsutsa aja amachiopa. Opereka thandizo amakonda kulipirira njira yatsopano chifukwa pamakhala riboni yodula, koma malipiro a mwezi ndi mwezi a anthu ochepa oyenda ndi makasu ndi zikwanje palibe amawathamangira. Choncho oyang'anira malo otetezedwa asatsegule njira zambiri kuposa zimene angathe kuzisamala, ndipo gawo la ndalama za pachipata lizitsala pamalopo, lolembedwa poyera kuti ndi la ntchito imeneyi, zisanapite zotsalazo ku thumba lalikulu la boma. M'malo ambiri akumidzi njira zochepa n'zokwanira: yaifupi ya ana ndi okalamba, ya tsiku limodzi, ndi yaitali yogona m'njira yomwe ingatsekedwe nthawi ya mvula yamphamvu kapena yoswana nyama. Olemba ntchito anthu okonza njirazo aziyamba ayang'ana m'midzi ya pamalire, ndipo asamadumphe omwe anagwidwapo ndi misampha, chifukwa amenewo amadziwa kumene madzi amadutsa m'phirimo mvula ikagwa.